Chilungulira cha Apongozi

Lolemba, 10 Malichi

Ramadhani yanga yoyamba pabanja pano, ndipo zavuta kale. Apongozi aamuna, a Abdulhamid, akudandaula moto pachifuwa, ati akangogona madzi owawasa akumabwerera kukhosi. Kwathu ku Ngala timangoti chilungulira, nkhani n'kuthera pompo. Koma a Ummy, azakhali ake a Zaidi mwamuna wanga, ndawamva kuseri kwa bafa: "Chiyambire kuphika mtsikana wochokera kutchalitchiyu, achimwene sakupeza bwino. Wawadyetsa kanthu."

Ine Leah? Ndalira, ndisaname.

Lachiwiri, 11 Malichi

A Ummy abweza futali wanga osavundukula n'komwe. Akuti ndisagwirenso mthiko pano, ndipo Idi ikadutsa ankhoswe aitanidwe. Zaidi ali ku Chia kogula nsomba. Pafoni wangoti "zikambidwa." Mwamuna ameneyu, nyumba ingapse iye akuti zikambidwa.

Lachitatu, 12 Malichi

Mayi Rahila, apongozi aakazi, sananene kanthu masiku awiri onsewa, ndiye ndimayesa nawonso andikayikira. Lero angoti, "Mwanawe, nyamula dengu."

Kumsika kuja sitimagula, timafunsa. Aliyense moni, ana ali bwanji, kenako chapansipansi: "Inu chilungulira chimakupezani?" Abale! Mayi wa mpunga akuti mimba zake zonse ankagona chokhala. A Feston a kabaza, Mkhristu wa kwaya, akuti akadya mbatata ndi tiyi ndiye kwatha. Bambo wina wa ku Dwangwa wayankha m'Chitonga, dzanja lili pachifuwa, tonse tamva. Ngakhale Mmwenye wa m'sitolo watulutsa mabotolo a mankhwala oyera, akuti amatha msanga mwezi wofunga uno, ndipo iye yemwe amamwa.

Ine manyazi kundigwira, Mayi ayi ndithu. Amafunsa ngati akufunsa mtengo wa tomato. Pobwerera angoti, "Onsewa unawaphikira ndiwe?"

Mayi amenewa ndawakonda lero.

Lachisanu, 14 Malichi

Sindikudziwa anawanyengerera bwanji, koma Bambo Abdulhamid avomera kupita kuchipatala, ine wonyamula ambulera. Adokotala akuti vutoli lili dziko lonse lapansi. Ku Ulaya ndi ku Amereka odandaula ndi ambiri, maiko ena a kum'mawa n'ochepako, kuno kwathu ambiri amangopirira osabwera kudzanena. Limakonda onenepa, apakati, osuta, ndi odya n'kugona pompo. Afunsa za daku, chakudya cha m'bandakucha chija.

Mayi ndi amene ayankha: "Mpunga, sambusa za dzulo, tiyi makapu awiri. Akaswali, mutu pa pilo."

Bambo angoyang'ana kudenga. Apatsidwa mankhwala, ati achepetse mafuta, asagone atangodya, ndipo kukayamba kuvuta kumeza abwerere msanga.

Titafika kunyumba Mayi anyamula okha njerwa n'kukweza bedi chakumutu. Ndati ndithandize, akana.

Loweruka, 15 Malichi

A Ummy: "Achipatala saziona zinthu zimenezi." Kukhitchini sindikulowabe.

Lolemba, 17 Malichi

Bambo akupeza bwino. A Ummy akuti n'chifukwa choti ndasiya kuphika. Ndiye munthu utani? Ndayamba kupinda zovala zanga, mtima ukuwawa.

Mayi andipeza, ayang'ana chikwama, akuti, "Fulumira adadya gaga. Bweza zimenezo."

Lachiwiri, 18 Malichi

Madzulo titamasula swaumu, kusala kudya kuja, Mayi anditenga kuti tikawotche zinyalala kuseri kwa khitchini. Ndikuganiza ankadziwa. Tapeza a Ummy atanyonyomala pa mafuwa, akutapa phulusa ndi chala n'kumanyambita, nkhope yonse makwinya.

Mayi sanaseke, ine ndikanaseka. Angoti, "Alamu, chakupezaninso? Pepani. Mbale ya mwanayu munaibweza ija, ndiye wakudyetsani ndani?"



Kenako a Ummy, mawu ali pansi: "Changa n'chakalekale."

"Cha achimwene anunso n'chakalekale. Chaka chimene ankabadwa Zaidi ndinkawasungunulira soda ine." Mayi atulutsa botolo la kwa Mmwenye lija pa chitenje n'kuwapatsa. "Phulusa lisiyeni, mupweteka nalo m'mimba."

A Ummy alandira ndi manja awiri, osandiyang'ana.

Lachitatu, 19 Malichi

Masana ndikusesa pakhonde, Bambo alankhula ali m'nyumba, mokweza kuti ndi kukhitchini komwe amve: "Uzani apongozi anga, futali uja ndamusowa. Nsinjiro achepetseko."

Amene wandibweretsera mthiko ndi a Ummy. Auika pa mtondo, akuti, "Uphike wambiri. Mbale yanga ndi yobiriwira ija."