Ndagoneka Galimoto ya Alamu Anu

Krokom,
27 Okutobala 2019

Okondedwa achimwene Gösta,

Ndikhulupirira kuti dzuwa la ku Portugal kwanuko lalichiritsa bondo lija. Kuno mitengo yayoyoka masamba, m'mawa udzu ukumadzuka woyera ndi chisanu, ndipo mdima ukumagwa munthu usanatsuke makapu a khofi wamasana. Ine ndili bwino, msana wokhawu ndiwo ukudandaula, chifukwa chake muchimva.

Malangizo anu aja oti ndigulitse galimoto ya alamu anu a Rune ndinawamva. Inu simunaikondepo chiyambire, mumaitcha makina osokera poti injini yake ilibe mapisitoni, ili ndi kachitsulo ka ngodya zitatu kongozungulira m'kati. Pa foni ndinangoti chabwino, chifukwa kukangana ndi inu pa foni n'kutaya malovu. Lero khalani pansi muwerenge, papepala simungandidule pakamwa.

Chilowereni m'nyumba ya okalamba ija, matenda oiwala awadya kwambiri alamu anu. Ndikalowa m'chipinda mwawo amandilandira mwaulemu ngati mlendo wa ku tchalitchi, n'kundifunsa kuti, "Mayi, mukufuna ndani?" Munthu amene ndakhala naye pabanja kuyambira ndili mtsikana! Ndinayesa zithunzi, ndinayesa mabanzi a sinamoni amene ankawakonda, iwo amangodya n'kuthokoza. Koma tsiku lina mu Juni, galimoto yanga ili ku galaja, ndinapita pa yawo yofiira ija. Ndisanazimitse injini ndinaona munthu akugogoda pazenera la chipinda chodyera, ndipo anesi atawatulutsa, a Rune anaika dzanja pa boneti n'kunena kuti, "Ingvor, wachedwa bwanji?" Achimwene, ndinalira ngati mwana pamaso pa anthu.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikupita nayo Lachinayi lililonse. Injini ikamalira, kafungo kake ka oyilo wopsa kakamamveka, ndimakhala ndi mwamuna. Ndikangoizimitsa, posakhalitsa ndasanduka mlendo. Ndinajambula kulira kwake pa foni kuti azimvetsera m'chipinda, koma anangoyang'ana foniyo n'kufunsa ngati mwalowa njuchi. Ndiye mukamati ndigulitse, muzidziwa chimene mukundiuza kuti ndigulitse.

Vuto linali chisanu chikubwerachi. Galimoto imeneyi inali isanapondepo msewu wothiridwa mchere, uja amathira kuti chisanu chisungunuke koma umadyetsa galimoto dzimbiri. Chaka chilichonse masamba akayamba kufiira, a Rune ankakaigoneka kwa a Sixten, mlimi uja amene amasungira anthu magalimoto m'khola lake lakale la ng'ombe, n'kukaidzutsa mu Meyi. Chaka chino ine ndinachita ngati masambawo sindikuwaona. A Sixten anandiimbira kangapo. "Kodi mlendo wanga uja abwera liti? Anzake onse agona kale, malo ake okha ndiwo atsala." Ine n'kumangoti mawa, mawa. Dokotala anali atandiuza kuti mtima wa alamu anu wafooka, ndipo nditamufunsa za Meyi anayang'ana pansi. Ndinauma mutu kuti dzimbiri likafuna liidye, ine ndiziyenda nayo mpaka chipale chofewa chidzanditsekere njira.

Lachinayi lapitali malole a boma anali atathira mchere mumsewu wa ku Östersund. Nditafika, nesi wina anawatulutsa atawaveka chijasi, injini ikulira monga mwa masiku onse. A Rune anandimwemwetera, kenako anawerama, n'kupititsa chala kunsi kwa chitseko.

"Iwe Ingvor, ichi n'chiyani?"

"Ndi fumbi chabe, bambo."

"Fumbi lake loyerali? Wandiyesa mwana? Uwu ndi mchere! Kodi mwezi uno ndi uti?"

Ndinafuna kunama, koma nesi uja anandilanda mawu. "Okutobala akupita kumapeto, agogo."

"Okutobala! Mkazi iwe, ukufuna kundiphera galimoto? Lero lomwe ikagone kwa Sixten."

Ndinati, "Nanga ikagona, ine ndizibwera pa chiyani kudzakuonani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Basi ilipo, miyendo uli nayo. Ukuganiza kuti ndingakuiwale chifukwa wabwera pa basi?"

Achimwene, mukanayankha chiyani inu? Ndinayesa njira ina. Ndinati bwanji ndizikailiza pang'ono m'kholamo kuti ikhale yokonzeka, tsiku limene msewu wauma ndizibwera nayo.

"Usayerekeze," anatero atandiloza chala. "Ikagona yagona. Injini iyi ukailiza ili yozizira n'kuizimitsa isanatenthe, imamira ndi petulo, oyilo yense m'kati amatsukika. Ukatero, Meyi akafika udzaliza ndi pakamwa pakopo."

Kenako anandiuza ntchito yonse mwatsatanetsatane, osaphonya kanthu, munthu amene sadziwa kuti wadya kapena sanadye. Ndinawalowetsa m'galimoto, tinakhala momwemo injini ikulira, atandigwira dzanja, tikukamba za ulendo wathu wa ku Lofoten pamene mvula inatilowera m'tenti. Nesi atagogoda kuti kwazizira, ndinawatsazika osazimitsa injini, kuti pokweza dzanja azidziwa amene akumutsazika.

Ndikanatha kuwanamiza. Pofika madzulo akanakhala ataiwala, ndipo Lachinayi lotsatira ndikanabweranso nayo. Njira yonse ndinkaganiza zimenezo. Koma papita nthawi yaitali mwamuna wanga asanandipemphe kanthu akudziwa kuti akupempha ine. Ndinakatsukitsa kunsi kwa galimotoyo, ndinadzaza thanki mpaka pakamwa kuti chinyezi chisapeze malo, n'kuzungulira nayo mumsewu wafumbi wa kuseri kwa nyanja kuti itenthe bwinobwino.

A Sixten anandilandira atanyamula tochi. "Ndimati mwina mwaikwatitsa kwina," anatero.

"Tsegulani chitseko, inu, musandichedwetse ndi pakamwa."

Ndinailowetsa pakati pa magalimoto ena ofunditsidwa nsalu, ndinaponda moto pang'ono monga anandiuzira a Rune, n'kupotoza kiyi. Kholalo linangoti zii. Sindinatuluke msanga, ndipo a Sixten, munthu wolongolola uja, anapita kukayang'ana chinthu china kumbuyo kwa thalakitala.

Itazizira tinamasula mapulagi, ine n'kudontheza oyilo m'mabowo, iwo akuzungulitsa injini ndi sipanala kuti oyiloyo afike paliponse. Matayala tinawapopa mopitirirako kuti asaphwe mbali imodzi. Handibuleki sitinakoke poti imamatirira, tinangotchinga ndi zidutswa za nkhuni. M'paipi ya utsi ndinatseka ndi waya wotsukira mapoto kuopa mbewa, zimene chaka china zinamangamo mudzi wathunthu. Batire ndinanyamula ndekha mpaka m'galimoto ya a Sixten, ndiye kudandaula kwa msana kuja. Pofunditsa nsalu iwo anavula chipewa, sindikudziwa ngati anali kuseleula kapena ayi.

Pondisiya pakhomo anati, "Kiyi wa kholalo amakhala pansi pa mwala wa pachitseko, mukafuna kudzaiona."

Ndinati, "Mumuchotsepo, mukamubise kumene ine sindingamupeze."

Ndikudzidziwa ine. Batire ili pansi pa tebulo kukhitchini kuno, ndipo pomwe ndikulemba pano phazi langa likuigunda. Tsiku lina kukadzachita mdima wa Januwale ndidzafuna kuinyamula kuti ndikalize galimoto ija.

Dzulo ndinapita pa basi. Ndinawapeza atakhala pazenera, tsitsi lopesedwa bwino. Anaimirira, n'kundikokera mpando, n'kunena kuti, "Khalani apa, mayi, amene mukumufunayo abwera posachedwa." Ndinakhala. Tinadikira limodzi mpaka nthawi ya basi yobwerera itakwana.

Pempho langa ndi limodzi. Musandiuzenso zogulitsa, ndipo mu Meyi mubwere. Kudzutsa injini imeneyi kumafuna anthu awiri, ndipo imafuka utsi wochititsa manyazi, ndikufuna wina wodzaseka naye. Mukabwera tidzapita nayo limodzi kunyumba ya okalamba, ngati kudzakhale wopitira. Ngati kudzakhale kulibe, mubwerebe, chifukwa sindidzatha kupotoza kiyi ameneyo ndili ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Birgit, muwauze kuti masokosi aja akundithandiza. A Sixten akuti mukadali ndi chipewa chonyansa chija?

Landiraninso moni wa alamu anu. Anaupereka okha Lachinayi lija m'galimoto, anachita kutchula dzina lanu, n'kufunsa ngati bondo likukulolani kuvina. Muusunge bwino moni umenewu, achimwene, chifukwa wina sindikhala nawo mpaka Meyi.

Ndine mlongo wanu,
Ingvor