Ana amphaka awiri akuda m'thumba la feteleza

Lachinayi, 12 Juni

Lero chiperoni chinaphimba phiri lonse, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Nditaweruka kothyola tiyi ndinapita ku Limbuli kwa achemwali kukatenga ana amphaka awiri amene anthu akhala akuwakana chifukwa ndi akuda bii. Achemwali anawaika m'thumba la feteleza kuti asaone njira, angabwerere. Ndinakwera kabaza, thumba lili pamiyendo.

Tikulowa m'malayini a nyumba za antchito momwe ndimakhala, ana amphaka aja anayamba kulira. Amake Esinati, a khomo loyandikana ndi langa, anasiya kutsuka mbale.

"Mwanyamula chiyani chobisa chonchi?"

Ndinamasula thumba. Anasuzumira n'kubwerera m'mbuyo.

"Akudanso? Simunatengerepo phunziro pa uja?"

Uja amanenayo ndi Makala, mphaka wanga wakuda. Zaka zisanu ankandichingamira panjira ndikamaweruka, n'kumagona kumapazi kwanga. Chaka chatha mwana wa nyumba yachitatu atadwala, anthu anayamba kunong'ona kuti mphaka wakuda ngwa ufiti. Sabata isanathe ndinamupeza kuseri kwa bafa, thovu lili kukamwa. Sindinafunse munthu. Ndinamukwirira patsinde pa nthochi.

Thumba lija landiipitsira mbiri. Ndikanawanyamula poyera, bwenzi palibe wonena kuti ndikubisa kanthu.

Ndawapatsa usipa m'mbale ya Makala, imene ndinalephera kuitaya. Wamng'onoyo wagona pamwendo panga pamene ndikulembamu. Mayina sindinawapatse, ndikuopa kuwazolowera.

Mawa ndichoka mbandakucha, kubwera madzulo. Ndikawatsekera m'nyumba adzalira, layini yonse idzamva. Ndikawasiya panja...