Wolokaninso Malire, Amayi

Amayi, kumene mwagonako kukucha bwanji? Ndine Rozina, mwana wanu wamakani uja. Ndili ndi pempho limodzi lokhudza mdzukulu wanu, koma paja munkati wobwera ndi pempho amayamba wapereka malonje. Ndiyambe malonjewo.

Mvula idagwa bwino chaka chino. Chimanga chadzaza nkhokwe yanu ija, ngakhale chiswe chadya mzati umodzi moti yapendekeka ngati munthu wochokera ku mowa. Thonje tidakagulitsa ku Ngokwe. Mtengo adanena ndi ogula, ife tidangovomera. Madzi a nyanja ya Chiuta abwerera m'mbuyo pang'ono, koma achimwene a Yohane akuphabe makumba ndi milamba. Alangizi a boma amabwera ndi chingwe kudzatiyezera mizere, ati sitidziwa kulima, ife obadwira pa khasu. Ndikawaona ndimakumbukira mmene munkatitonthozera za Azungu, kuti, "Asiyeni, mlendo ndi mame." Amayi, mame awa dzuwa lawalephera.

Mutangotisiya ndidabereka mwana wamkazi. Tidamutcha Aginesi, dzina lanu. Adatenga mphumi yanu ndi ukali wanu womwe, moti akafuna bere sankapempha, ankalamula. Malungo amutenga mwezi wathawu, atangoyamba kuyenda chogwira khoma. Zandipweteka kuposa mmene ndingalembere. Koma chimene chikundidya kwambiri nchakuti sitidamugoneke pafupi ndi inu, ndipo muyenera kudziwa chifukwa chake.

Chilimwe chatha kudabwera Azungu awiri, Mngelezi ndi Mpwitikizi, ali ndi galasi loimika pa miyendo itatu. Ankaseka limodzi, kumwa tiyi pansi pa mango a kumunda kwanu. Adalemba amuna a m'mudzi muno kuti asenze simenti ndi miyala, a Yohane ali momwemo. Anthu ankayesa akutimangira chitsime. Chimene chidatuluka ndi chipilala chofika m'chiuno, pakati penipeni pa njira ya kumanda. Atatha, womasulira wawo adatiuza kuti amenewo ndi malire: mudzi ndi wa Angelezi, manda ndi a Apwitikizi.

Ndidakafunsa aphunzitsi a ku mishoni kuti zoterezi zimatheka bwanji. Adati maboma a ku Ulaya adagawana maiko ano kalekale pa pepala, ndipo akafuna kukonza mzere amangopangana okhaokha. Adatinso dziko lathu lino amalitcha Chitetezo, kutanthauza kuti Mngelezi si mwini, akungotisungira. Ine ndi pakamwa panga paja ndidafunsa ngati wokusungira mbuzi amadulako mwendo nkupatsa mnzake. Adayang'ana pansi. Kenako adati nawonso za Chitaganya, zotimangirira pamodzi ndi maiko a Rodeshiya, adangozimva zitatha.

Ndikaima pa chipilalacho ndimakumbukira nkhani yanu. Munkatiuza mmene mudathawira kwa Apwitikizi, zikhatho zitatupa ndi mbalamatodya, thabwa lawo lokwapulira lija, chifukwa thonje lanu silidakwane. Mudawoloka dambo madzi ali m'chifuwa, a Yohane ali khanda kumsana. Mukamaliza kufotokoza munkalavula pansi nkunena kuti, "Kumeneko ine iyayi, ngakhale mtembo wanga usadzapiteko." Mtembo wanu sudasunthe, Amayi. Dzikolo ndi limene lakutsatani mpaka kukupezani muli chigonere. A Yohane sadutsanso njira imeneyo. Amangoti, "Iwo adandibereka pothawa, ine ndawabweza ndi mutu wangawu." Ndimawauza kuti sadadziwe, koma samva.

Aginesi atatisiya, okumba manda adalawirira ndi makasu kukakumba kumapazi kwanu. Mukudziwa mwambo wathu, kuti mwana wamng'ono amagona pafupi ndi wamkulu wa mbumba yake woti amulandire. Dzenje lisanafike m'mawondo adatulukira asipayi, asilikali aja a Apwitikizi. Adati alowa m'dziko la eni popanda chilolezo. Awiri adawamanga nkupita nawo kukalambula msewu, mpaka lero sadabwere. Enawo adathawa, makasu kusiya pomwepo.

Maliro sadikira. Akuluakulu adasadza malo atsopano kuseri kwa chulu chachikulu, mbali ino ya chipilala, ndipo mwana wanga ndiye wayamba manda amenewo. Ali yekhayekha, Amayi. Palibe gogo, palibe azakhali, palibe ndi mnzake womwe. Mwana amene sankalola kuti ndimusiye ngakhale pokatunga madzi! Abambo ansembe adandiuza kuti kwa Mulungu kulibe malire. Ndikukhulupirira, koma mtima wa mayi sumva katekisimu msanga.

Tsono pempho langa nali. Ngati simenti ija ilibe mphamvu kumene muliko, dzukani muwolokenso. Mutsate njira ya kumanda, mulambalale chipilala, mukafika pa mango anu mukhotere ku chulu. Mudzaona kamtumbira kamodzi kokha, pali mtanda wansungwi. Mumutenge mwanayo, mubwerere naye kumene mwagonako. Mudawoloka kale ndi mwana kumsana asipayi ali m'mbuyo, ndipo uyu ndi wopepuka kuposa a Yohane. Mumuzindikira ndi mphumi. Akachita nanu chilendo muimbireni kanyimbo ka Chilomwe kaja munkatigonekera. Ndinkamuimbira, ngakhale mawu ena ndinkaphonya. Akaizindikira ndithu, ndipo atambasula manja.

China, ndidakulonjezani muli pa mphasa kuti tsiku langa likadzakwana ndidzagona pambali panu. Mundimasule, Amayi. Ndidzagona kuseri kwa chulu, kuti ngati inu mwalephera kufika, mwanayo adziwe kuti wina akubwera. Koma tsache lokha sindisiya. Mwezi wokumbukira akufa ukafika ndidzabwera kudzasesa pamene mwagona, asipayi akhalepo asakhalepo. Makaniwa mudandipatsa ndinu.

Ndikamasesa ndidzayang'ana kumapazi kwanu, pa dzenje losatha lija. Ndikadzapeza timapazi ta mwana m'dothi, ndidzadziwa kuti mudapita kukamutenga.

Ndine mwana wanu amene sadasiye kukukondani,
Rozina