Tambala wa Chipepeso

Madziabango,
Chileka.
18 Ogasiti 2024.

Okondedwa achemwali anga amake Brave,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Mzuzu pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tili bwino, ndipo ine ndili ndi chimwemwe choti ngakhale pampando sindikukhazikika. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mukayamba kukalipa ine mawu amandithera, komanso nkhaniyi si yoti ana amve.

Zimene munamva n'zoona, alamu anu a Leah ndi oyembekezera. Koma mawu munanena Lachitatu aja, oti simungabwere kudzalangiza mimba ya mwamuna wina, ndi amene ndikufuna tikonze. Mimbayo ndi yanga, achemwali. Ya ine Wyson, mlongo wanu.

Sindikukuimbani mlandu. Mukukumbukira kuti mu Juni 2010, malemu amake Prince atatsala pang'ono kutisiya pobereka mwana wachisanu, ndinapita kuchipatala kukatseka. Ndipo sindinabise. Ndinkaima pamsika wa Lirangwe ndi alangizi a zaumoyo, chimkuzamawu pakamwa, kuuza abambo anzanga kuti kutseka sikuchotsa mphamvu m'nyumba, koma kuti ukatseka watseka, palibe kubwerera. Kuchokera ku Chigaru mpaka ku Chileka anandimva.

Mkazi wanga atamwalira, ine n'kudzakwatira a Leah kuno kwawo, ndinawauza zonse tisanamange ukwati. Anavomera, ndipo ana anga awalera ngati awo. Koma ndinkaona mmene ankagwirira makanda a anzawo kutchalitchi, kuchedwa kubweza. Ndiye nditamva kuti pachipatala china mu Blantyre pabwera madokotala odziwa kulumikiza timitsempha tiwiri timene amadula tija, ndinagulitsa ng'ombe yanga yaikazi n'kupita. Anandichita opaleshoni pa 14 Malichi 2023. Akuti amasoka ndi ulusi wochepa kuposa tsitsi, akuyang'ana pagalasi lokuza zinthu. Dokotala wake anandiuza mosabisa kuti, "Bambo, papita zaka zambiri. Tiyesa, koma kunyumba asagule kaye matewera."

N'chifukwa chake anthu ndinangowauza kuti ndikukaonetsa msana, ndipo a Leah ndinawapempha kuti asatchule kwa munthu aliyense. Ndinkaganiza kuti zikakanika ndidzasekedwa kawiri. Zoti zikatheka wosekedwa adzakhala mkazi wanga, mutu wangawu sunafikeko.

Mimba itayamba kuoneka, amayi kumjigo anayamba kusiya nkhani a Leah akafika. Kumsika a Fikirini ogulitsa nyama aja anandiwonjezera chiwindi chaulere n'kundigwira paphewa. "Limbani mtima, achimwene. Zimachitika." Ine ndinathokoza, ndimati akunena za msana.

Tsono Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi, ndinangoona amalume awo a Leah, a Potiphar, akulowa pakhomo, tambala wofiira kukhwapa, apongozi anga aakazi ali pambuyo. A Potiphar anakana mpando, anakhala pansi. Apongozi anakakhala patali pafupi ndi khola, atatifulatira.

"Bambo," anatero a Potiphar, "tabwera kudzagwira mwendo. Mwana wathu wakulakwirani. Landirani tambalayu kuti mtima utsike, kenako mutiuze chimene mukufuna. Iwe Leah, tuluka utchule mwini wake."

A Leah anatuluka, nagwada pakhonde. "Mwini wake ndi amene akhala apowa. Pakamwa ali napo, anene okha."

"Taona mwano!" anakalipa a Potiphar. "Munthu anatseka dziko lonse likumva, iwe ukufuna kumusenzetsa katundu wa eni?"

Achemwali, thukuta linatsika mpaka m'nsapato. Inu mukudziwa kuti chikwatirire sindinawayang'anepo apongozi kumaso, tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Ndiye ndiyambe bwanji kufotokoza za m'thalauza iwo akumva?

Ndinati, "Amalume, kuchipatala kuja sikunali kwa msana."

"Nanga kwa chiyani?"

"Mmunsi mwake."

"Mmunsi mwa msana muli zambiri, bambo. Miyendo?"

"Pakati pake."

Apongozi anafunda nsalu kumutu. A Potiphar anawapatsira a Leah tambala uja n'kudzuka. "Tiyeni kuseri. Ine za pakamwa zinandikwana."

Tinalowa m'bafa awiriwiri, munthu wa zaka makumi asanu ngati ine. Anavala magalasi awo owerengera Baibulo, n'kuwerama. Zipsera ziwiri zatsopano zikuonekabe bwinobwino. Ndinawafotokozera zonse monong'ona, ndi zoti mu Sepitembala chaka chatha ndinabwerera kukayezetsa ndipo anapeza kuti mbewu zayambanso kuyenda. Iwo ankangoti, "Ooh. Ooh."

Potuluka anakafika pakati pa bwalo n'kuitana apongozi. "Mlongo, chotsa nsalu kumutu. Mkamwiniyu anasokedwa, ndaona ndi maso anga. Ndipo telala wake ndi waluso."

Nthungululu imene analiza apongozi inabalalitsa mbuzi. Anavina kuzungulira khola akadatifulatira chomwecho. A Potiphar anatambasula dzanja kuti atenge tambala wawo, koma a Leah anamupana kukhwapa. "Ameneyu atsale, amalume. Wopepesa alipo pakhomo pano." Ndinamupha ndekha, kumusosola ndekha, kuphika ndekha. Nthutumba, imene amadya bambo wa pakhomo, anadya a Leah, ine ndikuona.

Tsiku la msika ndinapita ku Lirangwe n'kukaima pamene amasewera bawo, n'kunena zonse popanda chimkuzamawu. A Fikirini akuti ndibweze chiwindi chawo. A Gracian, amene ndinawaperekeza ndekha kukatseka, anakuwa kuti, "Iwe Wyson, unatilowetsa m'khola n'kutuluka wekha?" Ndinawafunsa ngati ndi zidzukulu zonse zija akufunadi kutuluka, ndipo anati ayi, amangofuna kudziwa ngati zimapweteka. Ndinawauza zoona, kuti njinga ndinaisiya mwezi wathunthu. Kwa achinyamata ndinanenabe kuti asatseke poganiza kuti adzatsegula, chifukwa mwa ife amene tinasokedwa sabata ija, si tonse zinatiyendera.

Mwana tikumuyembekezera mu Januwale. Ndayamba kale kumata chipinda chakumadzulo, ndipo Prince akundiseka kuti ndikuimba nyimbo polima.

Chatsala ndi chimodzi. Amayi akuno akonza zolangiza mimba pa 7 Sepitembala, poti kwa a Leah iyi ndi yoyamba, ndipo kuchimuna kuyenera kukhala munthu wamkazi. Mayi athu kulibe, watsala ndinu. Mphasa ya kuchimuna ikakhala yopanda munthu, akumjigo adzati abale anga akudziwa kanthu, ndipo zimene anaona a Potiphar sizidzathandizanso. Za basi musadandaule, ndasunga zopita ndi zobwerera.

Ndiyeneranso kukuuzani kuti Lachitatu lija foni inali yokweza mawu, ndipo a Leah anali pafupi akusankha nyemba. Anamva zonse. Sanalire, anangopitiriza kusankha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Brave ndi azing'ono ake. Prince ndi abale ake akupereka moni. A Potiphar akuti muwabweretsere mpunga wa ku Karonga. Apongozi atuma mwana kudzanena kuti akukulonjerani. A Leah ndawafunsa ngati ndilembe moni wawo, ndipo ati ndisalembe, adzakupatsani okha pakhomo mukabwera.

Ine mlongo wanu,
Wyson.