Jekete Limene Munasoka

Okondedwa Bambo,

Ndayamba ndi moni poti ndi mmene munandilerera, koma ndisakunamizeni, mtima wanga suli m'malo. Muli bwanji kumeneko? Msana uja ukukulolani kukhala pa makina? Nanga Amayi chifuwa chinawasiya? Kuno tili moyo tonse awiri, ine ndi mzime wanu. Mawu akuti tili moyowo muwawerenge mofatsa, chifukwa panatsala pang'ono kuti ndikulembereni za maliro.

Mukudziwa kuti ndakhala ndikusunga ndalama ya tikiti kuti chaka chino ndibwere ndidzaone mwana wanga. Ndinamusiya asanayambe sukulu, pano ati akuwerenga yekha. Tsiku lonse ndimakhala chiimire kuchapa ndi kusita nsalu za mahotela, nthunzi ikundiphika nkhope, koma ndimapirira poganiza za tsiku lodzamunyamula. Tsono mverani zimene zachitika.

Kuntchito kwathu alendo akachepa timapita kukakwera mapiri m'dziko loyandikana ndi lino. Ulendo uno ndinamutenga mlongo wangayu kuti akapitawo athu amudziwe, poti anandilonjeza kuti mapepala ake omulola kugwira ntchito kuno akatuluka amulemba ntchito yonyamula mitolo ya nsalu. Tisananyamuke ndinamufotokozera za khadi la paulendo. Si la ngongole ayi. Umaikamo ndalama zako usanachoke, ndiye kulikonse ukafika umangoligunditsa pa kamakina, kaya ndi m'basi, kaya ndi kogona. Likatayika umaimba foni n'kulitseketsa, ndalama zako zimakhala zili phee. Ndinamuuza kuti kalikonse kamene ali nako tikaike mmenemo. Anandiyankha maso ali pansi kuti alibe kanthu, ndalama ya mapepala mudzatumiza inuyo mwezi wamawa. Ine chitsiru ndinakhulupirira.

Tsiku lokwera kunatentha koopsa. Aliyense anavala zopepuka, koma iye ali m'jekete lakuda lija munamusokera, wamanga mabatani mpaka m'khosi. Anzanga anayamba kumuseka, ati kodi alamuwa akukafunsira mbeta pamwamba pa phiri? Thukuta kamukamu, kupuma wefuwefu, koma kuvula ayi. Ndinamunong'oneza kuti akundichititsa manyazi, iye n'kumangopitiriza kukwera. Titafika pokwera penipeni anayamba kutsalira m'mbuyo. Akapitawo anamukalipira kuti iwo sanabwere kudzanyamula mtembo, avule msanga. Anavula monyinyirika n'kulimangirira pachikwama.

Chapamwamba pali kanjira kopapatiza, uku thanthwe uku phompho, moti munthu umayenda utagwira chingwe chachitsulo. Tili pamenepo kunabwera chimphepo. Jekete linamasuka, ndinaliona likuuluka ngati khwangwala, kenako linakakodwa pa kamtengo m'munsimo. Bambo, mwana wanu anasiya chingwe. Anasiya chingwe n'kuyamba kutsika! Miyala inagumuka pamene anaponda, ine ndinadziponya n'kumugwira lamba, akapitawo n'kundigwira ine miyendo. Ife tikumukoka, iye akukuwa kuti timusiye, ndalama zonse zili mmenemo. Mphepo inawombanso, jekete linapita kumene ngakhale mbuzi singafike. Pano ndikulemba ndi zala zomanga nsalu, zikhadabo zinatsala pa lamba uja.

Titafika pa kanyumba kopumulirako apaulendo, bondo lake litatupa, anaulula zonse akulira. Ati ndalama za njinga yake yamoto imene munagulitsa munazisokera mkati mwa jekete ndi manja anu. Ati munamulangiza kuti asalivule, asalisiye m'nyumba, ndipo koposa zonse asandiuze ine, chifukwa mwana wamkazi akazolowera tauni ndalama zimasungunuka m'manja mwake, ndipo zamakhadizo ndi nzeru zomulandira munthu ali maso.

Nyumba imene munati asalisiyemo jeketeyo ndi yanga, Bambo. Mulibemo wina, ndi ine ndi iye basi. Ndiye wakubayo ndi ndani? Ndi ine? Munthu ndamupatsa bedi langa ine n'kumagona pansi, ndikumudyetsa, ndamugulira nsapato, koma tsiku ndi tsiku amalowa m'bafa ndi jekete kuopa mlongo wake! Ine ndimaganiza kuti mwina ndi kuzizira kwa kuno sanakuzolowere, mpaka ndinamuwonjezera bulangete.

Ndikufunseni mwaulemu. Makina amene munasokera jeketelo anagula ndani? Chaka chija Amayi anagonekedwa m'chipatala, munamva kuti ndalama imene ndinatumiza yasungunuka panjira? Ndiuzeni tsiku limodzi lokha limene ndinakudyerani kanthu, ine ndipepese. Amati mawu a akulu akoma akagonera. Awa agonera ndithu, koma sanakome, anatsala pang'ono kukuphetsani mwana.

Sindikunena kuti muzikhulupirira makhadi. Mwakula mukugwira ndalama m'manja n'kumaiona ndi maso, zimenezo ndikumvetsa. Mukanangondiuza kuti mukuchita mantha, ndikanamutengera kuofesi ya makhadiwo iye mwini, akaike yekha, nambala yachinsinsi adziwe yekha, ine osayandikira n'komwe. Khadi lomwe mumalinyozalo ndi limene linalipira galimoto yotitsitsa kuphiri, ndi lomwenso linalipira kuchipatala kumene anamumanga bondo. Mukanakayikira khadi lokha, bwenzi ndikuseka. Koma inu munakayikira ine.

Iyeyo pano ali m'nyumba, akuyenda ndi ndodo. Sakudya bwino, ndikalowa amayang'ana kukhoma. Ndamukalipira mpaka mawu anandithera, kenako ndinamumvera chisoni, poti kulakwa kwake n'kumvera bambo ake. Anzanga kuntchito amupatsa dzina loti Jekete, ndipo ndikuona kuti limukakamira mpaka imvi. Akapitawo, Mulungu awadalitse, ati ntchito ija amusungirabe, bola mapepala atuluke chilolezo chake cha ulendo chisanathe. Chikatha amubweza kumeneko chimanjamanja, njinga palibe, ntchito palibe, mwendo wotsimphina.

Ndiye dzana ndinapita naye kuofesi ya mapepala. Ndinatenga ndalama yanga ya tikiti n'kulipira zonse. Sindinachite zimenezi chifukwa cha inu ayi, ndachitira mwana wa mayi anga amene ndinamubereka kumsana. Musandithokoze, ndipo chonde musagulitse kanthu kena kuti mundibwezere. Koma dziwani kuti chaka chino sindibwera.

Pempho langa ndi limodzi. Mwana wanga, yemwe mumamutcha mkazi wanu wamng'onoyo, nthawi zonse tikamalankhula pafoni amandifunsa kuti kwatsala miyezi ingati. Anandiuza kuti wasunga makope ake onse kuti ndidzaone mmene aphunzitsi amamuchongera. Ine kumuuza sindingathe. Mumuuze inuyo. Musawatume Amayi, iwo alibe mlandu. Musanamenso kuti ntchito yandichulukira kapena ndege zakwera mtengo. Muimitse makina, mumukhazike pamiyendo panu, mumuyang'ane m'maso, mumuuze kuti amayi ake sabwera chifukwa agogo ake anawayesa wakuba.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze asadandaule, bondo la mwana wawo lipola. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, kwa alamu anga ndi ana onse. Mzime wanu ati akupepesa, kulemba yekha akuchita manyazi. Mwana wanga yekha sindimupatsira moni muno, chifukwa akaumva afunsa kuti ndifika liti, ndipo yankho lake muli nalo ndinu.

Tsalani bwino, Bambo. Ulemu wanu sindinautaye, koma mtima ukundiwawa.

Ndine mwana wanu wachisamba.