Diso la Kanyenyezi ndi Ana Awiri a M'bokosi

Achemwali,

Mwana akufuna kundithawitsira. Bambo ake anena kuti Loweruka m'mawa akumutenga kupita naye kwa amayi awo, kuti adokotala asamuchotse diso. Matendawo andiuza dzina lake, ndi khansa ya m'diso, ndipo akuti tikachedwa ichoka m'disomo n'kulowera kumutu. 

Pepani ndayamba ndi zimenezi ndisanakupatseni moni. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, nanga mwendo wa amayi unaphwa? Foni yanu ndaimba mpaka kutopa, sikugwira, ndiye kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ija mumakwera pobwera kuno. Ndamupempha kuti akupatseni m'manja mwanu, asasiyire munthu.

Mukukumbuka mutabwera kudzationa, mukumusambitsa Kanyenyezi pakhonde, munafunsa kuti diso lakumanzereli likuwaliranji ngati la mphaka? Ine ndinaseka, ndinati inu mwazolowera ana anu a maso ofiira ngati osuta fodya. Nanunso munaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Dzina lomweli la Kanyenyezi bambo ake anamupatsa chifukwa cha kuwala komweko. Tinkachita kumuimika pakhomo dzuwa likapendeka kuti anzathu oyandikana nawo aone. Tinkanyadira matenda, achemwali. Ndikaganiza zimenezi chakudya sichilowa.

Ntchito ndikugwirabe komwe kuja, kunyumba yosungira mapepala akale. Yanga ndi kusesa, kukolopa ndi kupukuta fumbi m'mashelefu. Mabokosi sitiloledwa kutsegula, ngakhale chikolopa chonyowa sichifika pafupi nawo. M'chipinda cham'kati muli mayi wina amene amajambula mapepalawo ndi kamera kuti azioneka pa kompyuta. Ife timawatchula kuti Amagolovesi, chifukwa sagwira kanthu ndi manja okha. Mnzanga wokolopa naye amati ngakhale amuna awo amawapatsa moni atavala magolovesi. Koma ndi munthu wa mtima wabwino.

Tsiku lina ndinalowa kukatenga bini ya zinyalala, ndinapeza ayala mapepala patebulo lonse. Anali maso okhaokha. Akuti kalekale kunali dokotala wina wa maso amene ankafuna kulemba buku, ndiye odwala ake ankawajambula yekha ndi pensulo ndi penti. Anamwalira buku lisanatuluke, zojambulazo n'kutsala m'bokosi. Mapepala ake ndi okhuthala, achikasu chifukwa chokhalitsa, m'makona modyedwa ndi tizilombo. Pena anajambula diso lodulidwa pakati ngati dzira lowiritsa, ndi timivi tolozera uku ndi uku. Ine ndinangoti ndisuzumire pang'ono ndizipita.

Pamenepo ndi pamene ndinamuona mwana wanga. Si iyeyo ayi, koma kamtsikana ka msinkhu wake, masaya ngati ake, ndipo pakati pa diso, pakuda paja, dokotalayo anadonthezapo penti yoyera. Bini inagwa m'manja. Amagolovesi anatembenuka n'kundifunsa moseka ngati ndaona mzukwa. Ndinawapempha kuti andionetse pepala lotsatira la mwana yemweyo. Anadabwa, koma anatsegula.

Papepala lachiwiri disolo linali litafiira n'kutupa. Palachitatu, achemwali, sindingathe kulemba zonse. Diso linali litatuluka pamalo pake, mwana atawonda, ndipo paphewa pake pankaoneka dzanja lokha la mayi womugwira. Ndinati ndione lachinayi. Anafufuza pansi, anasuzumira m'bokosi, anati palibe. Kenako anawerenga timawu topendekera tam'munsi mwa pepalalo, n'kundiuza kuti dokotala analemba kuti makolo anakana opaleshoni, anapita naye kwawo. Pambuyo pa mawu amenewo pepala ndi loyera mpaka pansi.

Anandifunsa chimene ndikulirira, ndinawauza za Kanyenyezi. Anavula magolovesi aja, koyamba ine kuona manja awo, n'kundigwira dzanja. Anati ndisiye chikolopa pomwepo ndithamange naye kuchipatala, kwa akapitawo akanena okha. Koma ndisanatuluke anati ndione kaye mwana wina wa m'bokosi lomwelo. Ameneyonso pepala loyamba ndi chimodzimodzi, kadontho koyera. Lachiwiri ali ndi bandeji kuzungulira mutu. Lachitatu wakula, diso limodzi ndi lotseka, wanyamula sileti, ndipo akuseka mano akutsogolo atagweluka. Dokotala uja anachita kujambula mpata wa manowo bwinobwino, ngati nayenso zinamusangalatsa.

Kuchipatala chathu chaching'ono anamuunika ndi tochi n'kutitumiza kuchachikulu. Kumeneko anamuthira mankhwala m'maso, anamuunika ndi makina, kenako adokotala anatenga pepala n'kundijambulira diso lodulidwa pakati, ndi kamuvi kochokera m'diso kupita kumutu. Ndinawauza kuti chimenecho ndachiona kale. Akuti diso lakumanzere linasiya kale kuona, koma lakumanja lili bwino, ndipo akachotsa lodwalalo msanga mwana akula ngati anzake. Bala likapola amamuika diso lochita kupanga. Tsiku la opaleshoni atipatsa Lolemba. Anafunsa kuti kuwalako tinayamba kukuona liti, ndipo nditawauza sanandikalipire, anangolemba. Bola akanandikalipira.

Vuto ndi bambo a mwana. Mukudziwa ntchito yawo yowotcherera zitsulo, maso ndi amene amawadyetsa, ndipo munthu wopanda diso amamumvera chisoni kuposa wopanda mwendo. Akuti mwana akusewera, akudya, thupi silikutentha, ndiye ungamunyamule bwanji mwana wabwinobwino kukamukolowola diso? Akuti ndasesa pakati pa mapepala a anthu akufa mpaka fumbi landilowa m'mutu. Akuti kusukulu anzake azidzamutchula kuti Chidiso, ndipo mwana wawo sadzayenda ndi dzenje kumaso iwo ali moyo. Ine ndinayankha kuti dzenje lakumaso liposa la kumanda. Ndinalakwa kuyankhula choncho, chifukwa kuyambira pamenepo nkhaniyi safunanso kuimva pakamwa panga.

Dzana ndinawaona kudzera pazenera atamukhazika pamwendo. Anamutseka diso labwino ndi chikhatho, n'kuika makiyi awo patsogolo pake, makiyi aja amawalimbirana tsiku lililonse. Mwana sanatambasule dzanja. Anangoyamba kulira uku akukanda chikhathocho kuti chichoke. Bambo ake anamutsitsa pansi bwinobwino, anapita kuseri kwa nyumba, anakhalako nthawi yaitali. Ndinkayesa abwera atasintha maganizo. Anabwera maso ali ofiira n'kunena za Loweruka. Si nkhanza, achemwali, ndi mantha. Akuganiza kuti akamubisa kwa amayi awo, matenda nawonso samupeza.

Mwina muti bwanji osangomubereka n'kuthawira naye kuchipatala. Ndaganizapo. Koma aitanitsa mlongo wawo kuti akuti azindithandiza, ndipo mlamu wangayo sandisiya ndekha ndi mwana ngakhale popita kumpopi. Komanso Kanyenyezi akadzuka kutulo amayamba waitana bambo ake, ine pambuyo. Akadzatsitsimuka ali ndi bandeji kumutu ndikufuna adzawapeze pambali pa bedi, osati adzamve kuti mayi ake anamuba.

Ndinapempha Amagolovesi kuti andibwereke mapepala awiri okha, lachitatu la mwana uyu ndi lachitatu la mwana winayo, ndikawaonetse kunyumba. Anakana, akuti palibe pepala limene limatuluka m'chipinda chija, ngakhale abwana sangalitulutse. Anandijambulira pafoni, koma bambo a mwana anakankha foniyo, akuti masiku ano pafoni anthu amapanga ngakhale mbuzi yoyendetsa galimoto. Nditakawauza Amagolovesi anati ndiye abwere okha adzaone ndi maso, chifukwa aliyense amaloledwa kulowa bola asambe m'manja. Alonjeza kuti Lachisanu ayala ana awiriwo patebulo n'kudikira mpaka nthawi yotsekera. Loweruka satsegula.

Ine ndikawauza bambo a mwana kuti tipite sangadzuke pampando. Koma alamu, amuna anuwo, ndi amene anawaphunzitsa kugwira chitsulo, mpaka lero akamayankhula nawo pafoni amaimirira. Alamu akanena kuti tiye, sangakane. Sindikupempha kuti adzawakalipire kapena kuwakakamiza. Angowatenga n'kukawaimika patsogolo pa tebulo lija, aone okha pepala lachikasu limene palibe anapanga dzulo. Afunse okha lachinayi ngati mmene ndinafunsira ine.

Pogona musadere nkhawa, ine ndi mlamu wanga tigona pabalaza. Amayi muwapatse moni, koma musawauze zonse, mungoti mdzukulu wawo akudwala diso, mukudziwa mmene mtima wawo umathamangira. Moni kwa azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi ana anu onse, muwauze kuti za maso ofiira zija ndinkangocheza.

Achemwali, munaona inu poyamba ine n'kuseka. Pano sindikusekanso. Kanyenyezi mano ake angomera kumene, timano tating'ono ngati mpunga, ndipo ine ndikufuna ndidzawaone akugweluka. Kalatayi ikangofika musadikire kuti alamu amalize ntchito imene ali nayo, musadikire kuchapa. Kwerani basi yoyamba, mufike Lachisanu asanatseke. Chonde bwerani.

Ndine mng'ono wanu,
Make Kanyenyezi