Kambalyota ya mu Pasta Nambala 4

Lolemba, 8 Julho 2024

Ku sekretariya, ofesi ya sukulu, 7h05. Makalata asanu ndi limodzi, onse odindidwa. Inki ya karimbo, chidindo cha ofesi, yayamba kuuma. Ndathiramo madontho atatu a madzi, osapitirira.

Masana, msonkhano wa komiti. Ife amene tinatsiriza Instituto ya uphunzitsi mu 1999 tidzakumana Loweruka pa 20, patatha zaka 25. Mlembi ndine, popeza anzanga onse amalemba ngati nkhuku ikupalasa. Latifu, amene tinkagona naye chipinda chimodzi, tsopano mphunzitsi ku Chiuta, wabweretsa ganizo lachibwana: aliyense atchule phunziro limene linamuliritsa koposa, ndipo mphunzitsi wa phunziro lopambana apatsidwe tambala. Ndinatsutsa. Mavoti 4 kwa 1. Ndalemba mu ata, buku la zokambirana za msonkhano, kuti ndinatsutsa.

Mwana wanga Talandira wafika kuchokera ku yunivesite ku Cuamba pa shapa, minibasi, ya 15h. Sutikesi, mabuku, ndowa, matiresi. Wophunzira wobwera kutchuthi cha masabata atatu sanyamula ndowa. Ndaona. Sindinafunse.

Lachitatu, 10 Julho

Mayankho akulowa pa telefone. Kufikira madzulo ano: Estatistika 9, Didatika ya Masamu (kaphunzitsidwe kake) 5, Psikolojiya 3. Mnzathu Safiya walemba kuti mpaka lero amalota purofesa wa Estatistika akumufunsa chiwerengero cha nsomba za m'nyanja ya Amaramba. Wina walemba "nyemba za kukhitchini ya Instituto". Ndakana. Nyemba si phunziro, ngakhale zinavutadi.

Pa mavoti asanu ndi anayi a Estatistika, imodzi ndi yanga. Ndalemba ndi dzanja langa ndipo ndi bodza. Estatistika ndinakhoza ndi 16 pa 20, osatuluka thukuta.

Nkhani ya ndowa yadziwika. Mkazi wanga Violeta wandiuza: Talandira walephera Biyokimika kachiwiri. Wapeza 9,4. Lamulo limakweza 9,5 kufika pa 10, malikisi okhozera, lamulo limene ndimalitsatira ku ofesi koma sindilikonda, chifukwa ndi khomo lakumbuyo. Koma 9,4 ndi 9, ndipo 9 imalembedwa ndi inki yofiira. Akuti sabwereranso. Akuti apita ku Entre Lagos, pamalire, kukagulitsa zitenje ndi mwana wa azakhali ake. Kulembetsa semesita yatsopano kutsekedwa pa 26.

Ndinamuitana Talandira pakhonde. Ndinayankhula mphindi 35, mfundo zinayi. Ndinakumbutsa kuti ine ndinaphunzira kuwerenga pansi pa mtengo ku Malawi, tili othawa nkhondo. Ndinatsiriza ndi mawu amene ndakhala ndikunena chibadwire chake: m'nyumba muno inki yofiira sinalowepo. Iye anangoti, "Ndiye chifukwa chake ndikuchoka, ababa, kuti isalowe."

Yankho limeneli silinali pa mfundo zanga. Sindinadye bwino.

Lachisanu, 12 Julho

Latifu wafika pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Wadya mbatata zinayi. Uthenga wake woipa: mwa aphunzitsi athu onse, mmodzi yekha ndiye wavomera kubwera. A Bwanausi. Zaka 76, amakhala kufupi ndi Amaramba, akali ndi mano onse.

Potsanzikana Latifu anandiyang'ana khosi n'kunena kuti, "Efraimu, kodi ili linapola?" Violeta anali pafupi. Ndinasintha nkhani, ndinafunsa za mtengo wa feteleza.

Ndilembe choona pano, popeza buku ili sawerenga munthu.

Phunziro lovuta koposa pa moyo wanga linali Edukasau Fizika, masewera olimbitsa thupi. Mphunzitsi: a Bwanausi, ndi wezulo wawo. Mayeso: kambalyota. Manja pansi, mutu pansi, thupi kugubudukira kutsogolo, munthu n'kuimirira. Ana a zaka zisanu amachita pamchenga popanda wowaphunzitsa.

Ulendo woyamba: ndinaika mutu pansi, matako m'mwamba, ndipo ndinakhala pomwepo. Sindinapite kutsogolo, sindinabwerere. A Bwanausi anandizungulira kawiri n'kufunsa kalasi ngati wina wasiya tebulo pabwalo. 6, yofiira.

Ulendo wachiwiri: ndinagubuduka, koma chammbali, mpaka m'maluwa a direkitori. 7, yofiira. Mfundo yowonjezerayo akuti inali ya mtunda.

Ulendo wachitatu ndinalemba kalata yopempha kuti ndichite kambalyota polemba. Masamba anayi, ndi chithunzi chokhala ndi mivi. A Bwanausi anaiwerenga mokweza pamaso pa Instituto yonse, anayamikira kalembedwe, kenako anandiweramitsa pa matiresi n'kundikankha kumbuyo ndi phazi. Ndinatembenuka. 10. Mwa mfundo khumizo, zanga zinali zitatu. Zotsalazo zinali za phazi.

Mwa anthu amene anaona zimenezi, 23 akali moyo. Onse adzakhalapo pa 20, ndi akazi awo ndi amuna awo. Violeta ndi Talandira ndinawalembetsa kale pa mndandanda wa alendo, ndi inki.

Lamulungu, 14 Julho

Titaweruka kutchalitchi amayi ndi mwana anapita kukazonda wodwala. Ndinatseka chitseko cha kuchipinda. Ndinavula nsapato, ndinaziika pamodzi. Ndinaganiza kuti mwina m'zaka 25 thupi laphunzira lokha.

Silinaphunzire. Kabati yathyoka mwendo umodzi. Khosi likutembenukira kumanzere kokha.

Ndauza Violeta kuti ndi pilo. Iye: "Bambo a Tala, pilo ameneyu wathyolanso kabati?" Wandisisita ndi mafuta osafunsanso china. Kukhala chete kwake sindikukukhulupirira.

Lachiwiri, 16 Julho

Kulakwitsa kwakukulu, ndipo wolakwa ndine.

Ndinafuna mndandanda wakale wa kalasi yathu kuti ndione amene anamwalira. Ndili ku ofesi, ndinaimbira Talandira: atsegule bokosi la mapepala kunyumba, atenge pasta, fayilo, nambala 4, abwere nayo. Ndinaiwala chimodzi. Ine sinditaya pepala. Sindinang'ambepo chikalata chibadwire, ngakhale chondinyoza. Ndipo pachikuto cha pasta iliyonse ndimalemba zam'kati, mwadongosolo, ndi zilembo zooneka patali:

4.1 Mndandanda wa kalasi
4.2 Satifiketi
4.3 Mapauta (mapepala a zotsatira) a Edukasau Fizika, ofiira awiri
4.4 Kalata yopempha kuchita kambalyota polemba (kope)

Anatenga ola lathunthu pa ulendo wa mphindi khumi. Anaika pasta patebulo langa ndi manja awiri, mwaulemu, n'kutuluka.

Pa chakudya chamasana Talandira anangotenga lalanje n'kuligubuduza pang'onopang'ono patebulo mpaka linagunda mbale yanga. Violeta anathamangira kukhitchini, mapewa akugwedezeka. Pambuyo pake anavomera kuti nkhaniyi anaimva kwa Latifu tsiku la ukwati wathu. Zaka 23 ndakhala ndikubisa chinthu kwa munthu wochidziwa.

Koma Talandira sanaseke. Anati, "Inki yofiira inalowa kale m'nyumba muno, ababa. Ili ndi nambala yake." Kenako: "Ine ndinalira masabata awiri poganiza kuti ndine woyamba."

Ndinayang'ana lalanje.

Ndinamufunsa chimene akufuna. Anati ine phunziro langa sindinalitsirize, analitsiriza ndi phazi la munthu wina, ndiye ndilibe pakamwa pomuuzira kuti ayesenso kachitatu. Ndikagubuduka ndekha Loweruka, pamaso pa anthu, a Bwanausi n'kundipatsa 10, iye abwerera ku Cuamba. Ndikalephera, Entre Lagos.

Ndinati pangano lapakamwa si pangano. Talemba makope awiri. Wasaina iye, ndasaina ine, mboni Violeta. Mboni inasaina mokhota chifukwa cha kuseka; ndalola.

Lachinayi, 18 Julho

Maphunziro kuseri kwa nyumba, 16h mpaka 17h15, dzulo ndi lero. Matiresi ndi omwe aja anachokera ku Cuamba. Mphunzitsi ndi Talandira, chimene ndaona chachilendo, pakuti akuthandiza mbali imene akutsutsana nayo. Ndinamuuza zimenezi. Anati akufuna kupambana mwachilungamo.

Dzulo: kuyesa 8, kulephera 8. Lero: kuyesa 11, kulephera 11, koma kawiri miyendo inachoka pansi.

Owonerera: mbuzi zitatu za aneba, ndi mayi wina wogulitsa usipa amene anaima kumpanda n'kufunsa Violeta ngati a sekretariyu alowa mpingo watsopano.

Talandira akuti vuto langa si khosi. Akuti ndikafika pakati ndimaima kuti ndione ngati zonse zili m'malo. "Chibwano pachifuwa, ababa, ndipo musawerengenso." Anaonjezera, akupinda matiresi, kuti iyenso pa mayeso amabwerera ku funso loyamba kasanu mpaka nthawi kutha. Sanandiyang'ane ponena. Chimenechi anatengera kwa ine, osati kwa amayi ake.

Ndaona kuti amafotokoza bwino kuposa aphunzitsi ena a pasukulu pathu. Munthu wotere kukaimirira pamalire kuyeza zitenje ndi mkono. Ayi.

Thupi lonse likuwawa, kupatula makutu.

Loweruka, 20 Julho

Ndilemba mwadongosolo, ngakhale tsikulo linalibe dongosolo.

Ofika: 21 mwa 23, ndi mabanja awo. Mpunga, nkhuku, chambo chochokera kwa achibale a Latifu. Tambala wa mphatso womangidwa kumwendo wa tebulo lalikulu. A Bwanausi anafika pa mota, njinga yamoto, ndodo m'manja, wezulo m'khosi. Wezulo yemwe uja.

Nthawi yowerenga zotsatira ndinaimirira. Estatistika 9, Didatika ya Masamu 7, Psikolojiya 5. Kenako ndinapempha kukonza ata. Ndinati Estatistika ndi 8, chifukwa voti imodzi inaponyedwa mwachinyengo ndi mlembi. Edukasau Fizika 1. Ndinawerenga mapauta onse atatu, ndi madeti ake.

Latifu anagwa pampando. Safiya anapukuta misozi ndi mpango n'kunena kuti wakhala akudikira tsiku limeneli kuyambira 1998. A Bwanausi anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Aa, ndiwe tebulo uja."

Talandira analowetsa matiresi. Ndinavula jekete. Magalasi, mapeni awiri ndi karimbo ndinapereka kwa Violeta, chimodzichimodzi, iye akubwereza mayina ake. A Bwanausi anaika ndodo pambali, ndipo pofuna kuti pasakhale chikaiko anavula nsapato n'kukhala pampando, mapazi onse awiri poonekera.

Wezulo.

Manja pansi. Mutu pansi. Pakati ndinafuna kuima, monga mwa chizolowezi, kuti ndione ngati zonse zili m'malo. Ndinamva mawu a mwana wanga, osati okweza: "Musawerengenso, ababa." Sindinawerenge.

Denga linapita pansi. Buluku linang'ambika kumbuyo, phokoso lake linamveka mpaka kukhomo. Ndinapitirira matiresi, ndinapindikira kumanja, ndinakathera pansi pa tebulo lalikulu, maso ndi maso ndi tambala. Tambala anandijompha pakhutu. Tsopano ndi makutu omwe akuwawa.

Koma ndinatembenuka. Ndekha.

Anthu anadikira a Bwanausi. Iwo anaganiza nthawi yaitali, dala. Anati kulowa kunali bwino, pakati panali mantha, kutuluka kunalibe. Kuimirira sindinaimirire. "9,5."

Onse anatembenukira kwa ine, chifukwa aliyense m'boma lino amadziwa maganizo anga pa nkhani ya 9,5. Latifu anawerama kundiyang'ana pansi pa tebulo: "A sekretariyu, lamulo likuti bwanji? Kapena tisadzere khomo lakumbuyo?" Ndinayankha ndili chigonere kuti lamulo ndi lamulo, ndipo ndi lamulo labwino, lolembedwa ndi anthu anzeru.

10.

Za tambala: purofesa wa Estatistika anamwalira mu 2011, wa Didatika sakudziwika kumene ali, wa Psikolojiya anakana kubwera. Choncho mphatso inatsikira ku phunziro la voti imodzi. A Bwanausi apita naye pa mota. Sindinadandaule kumuona akuchoka.

Ndabwerera kunyumba nditamanga jekete m'chiuno. Talandira ankayenda kumbuyo kwanga, akuti kuteteza ulemu wa banja.

Lachiwiri, 23 Julho

Ndikulemba chiimirire. Kukhala sikutheka.

Lamulungu ndi Lolemba sindinalembe, dzanja linkakana. Ku ofesi aliyense waona kanema amene Latifu anajambula pa telefone. Ana a kalasi 8 akandiona akumagwira chibwano pachifuwa. Ndalemba mayina asanu ndi awiri, kenako ndasiya.

Talandira wakwera shapa ya 6h30. Sutikesi, mabuku, matiresi, ndowa. Ndinanyamula ndowa ndine mpaka pokwerera. Ndinakonza mfundo zitatu zoti ndimuuze. Sindinanene ngakhale imodzi. Iye anati, "Mwina ndilepheranso, ababa." Ndinati mwina. Ndinati malo osungira alipo.

Masana ndinatsegula bokosi kuti ndibwezeremo pasta nambala 4. Yalemera pang'ono. Pachikuto, pansi pa 4.4, pali mzere watsopano, dzanja lake, zilembo zoongoka ngati zanga:

4.5 Mapauta a Biyokimika, ofiira awiri (Talandira)

Kunena zoona, pepala la munthu wina silimayenera kulowa mu pasta ya Instituto. Malo ake ndi pasta nambala 9, ya ana. Ndinaligwira kuti ndilisamutse. Ndinaima nalo nthawi ndithu.

Ndalibwezera pomwepo. Pansi pake ndalemba 4.6, ndasiya mzere wopanda kanthu. Peni ya buluu ndaiika m'kati mwa pasta momwemo.